Gitala ya Besi Yakale: Kodi Wogula Amalipira Chiyani?

Mu 1961, mnyamata wa ku Liverpool wa zaka 18, Paul McCartney, analowa m'sitolo ina mumzinda wa Hamburg ku Germany n'kugula gitala ya besi ya Höfner pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 30. Anaisankha chifukwa ya Fender inali yodula kwa iye, komanso poti ndi wamanzere, gitala yooneka ngati vayolini, yofanana mbali zonse, sinkaoneka yozondoka m'manja mwake. Ndi imene anajambulira nyimbo zoyambirira za gulu la Beatles. Mu 1972 gitalayo inabedwa m'galimoto ku Notting Hill, mumzinda wa London, ndipo inasowa kwa zaka zoposa 50. Mu February 2024 kunalengezedwa kuti yapezeka m'chipinda cha kudenga cha nyumba ya banja lina ku Hastings, gulu lotchedwa Lost Bass Project litafalitsa nkhani yoifunafuna. Manyuzipepala a dziko lonse analemba ngati kwapezeka mwana wotayika.

Nkhaniyi ndi yokoma kuimva, koma ili ndi funso m'kati mwake. Zatheka bwanji kuti chida chimene munthu anagula chifukwa chochepekedwa m'thumba chisanduke chuma chosungidwa ngati golide? Maganizo anga ndi akuti chimene chimadula pamsika wa magitala a besi akale ndi mbiri yake, osati kalilidwe kake. Mbiriyo inapangidwa ndi oimba amene ankagwira gitala ngati khasu, ndipo ena mwa iwo anafa osalawako ndalama zimene zida zawo zikugulitsidwira lero.

Tiyambe ndi vuto limene gitala ya besi inabwera kudzathetsa. Kale magulu oimba ku America ankadalira double bass, chivayolini chachitali ngati munthu, choimbidwa chitaimiritsidwa pansi. Kuchinyamula inali ntchito payokha, ndipo ng'oma ndi malipenga zikayamba kulira, icho sichinkamveka. M'zaka za m'ma 1930, Paul Tutmarc wa ku Seattle anapanga besi yamagetsi yogwira ngati gitala, pansi pa dzina la Audiovox, koma anagulitsa zochepa kwambiri. Amene anasintha zinthu ndi Leo Fender, wokonza mawailesi wa ku Fullerton, California, yemwe sankadziwa n'komwe kuimba gitala. Mu 1951 anatulutsa Precision Bass, yogulitsidwa pa madola pafupifupi 200. Dzinalo linachokera ku timizere tachitsulo ta pakhosi pa gitala, totchedwa ma fret, timene timathandiza chala kugwa pamalo enieni a noti, chinthu chimene pa double bass woimba amachita kusaka ndi khutu.

Chofunika kudziwa apa n'chakuti Fender sankapanga chinthu chapamwamba. Ankaganiza ngati mwini fakitale. Thupi la gitala linali thabwa lodulidwa pamakina, khosi linkamangidwa ku thupilo ndi masikuluwu anayi, moti likapindika umangomasula n'kuikapo lina. Amisiri a mavayolini ankaona zimenezi ngati ukalipentala wamba. Koma oimba aganyu anaikonda: Monk Montgomery anali kale kuiimba m'gulu la Lionel Hampton kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Gibson inatulutsa besi yake mu 1953, Höfner mu 1956. Fender anakonzanso Precision mu 1957, n'kutulutsa Jazz Bass mu 1960, ndipo Rickenbacker 4001 inabwera mu 1961. M'zaka khumi zokha, maonekedwe onse amene timawadziwa lero anali atakhazikika. Besi imene mumaiona m'kwaya ya kutchalitchi kwanu kapena pasiteji ku Blantyre, ngakhale italembedwa dzina lina, kawirikawiri ndi mdzukulu wa Precision kapena Jazz Bass.

Nanga mawu oti vintage analowa liti? Mu January 1965, Leo Fender anagulitsa kampani yake kwa CBS, kampani ya wailesi ndi kanema, pa madola 13 miliyoni. Eni atsopanowo ankafuna kupanga zambiri mofulumira. Pang'onopang'ono penti yopyapyala ya nitrocellulose inalowedwa m'malo ndi ya polyester yochindikala, magitala ambiri a m'ma 1970 anayamba kulemera paphewa, ndipo khosi la Jazz Bass linayamba kumangidwa ndi masikuluwu atatu. Oimba anayamba kunong'onezana kuti zakale zinali bwino, n'kumakazisaka m'masitolo a pinyolo. Apa ndi pamene panabadwira mawu oti pre-CBS, amene mpaka lero amagawa msika pawiri. Poyamba awa anali magitala a kaunjika basi, otsika mtengo kuposa atsopano. Kenako kunabwera anthu odzipereka pa malonda amenewa, monga George Gruhn amene anatsegula sitolo ku Nashville mu 1970, n'kuyamba kulemba mwatsatanetsatane chimene chimasiyanitsa gitala ya chaka china ndi inzake. Achinyamata amene anakulira nyimbo za m'ma 1960 atakula n'kukhala madokotala ndi maloya, anabwerera kudzagula ubwana wawo, ndipo mitengo inakwera. Lero Jazz Bass ya kumayambiriro kwa m'ma 1960 yosasinthidwa kalikonse imatha kupitirira madola 20,000.

Msika umenewu uli ndi malamulo awiri, ndipo malamulowo amatsutsana.

Loyamba ndi lakuti gitala ikhale mmene inatulukira m'fakitale. Wogula wodziwa samayamba ndi kuimba. Amamasula khosi kuti aone deti lolembedwa kumapeto kwake, amawerenga manambala a pa tizipangizo tokwezera mawu kuti adziwe sabata ndi chaka chimene tinapangidwa, amayang'ana ngati mtovu wolumikizira mawaya a m'kati unasungunulidwapo, ndipo ena amawalitsa nyali yapadera pa penti kuti aone ngati inapakidwanso. Gitala yopakidwa penti yatsopano imatha kutsika mtengo ndi theka, ngakhale ikulira chimodzimodzi. Mitundu ya penti imene Fender ankabwereka ku magalimoto a nthawi imeneyo, monga Fiesta Red ndi Lake Placid Blue, imadula kuposa mtundu wamba chifukwa inapangidwa yochepa. Ndipo luso lija la Leo Fender, loti chiwalo chilichonse chimasuke ndi sikuludiraiva, ndi lomwe lapatsa mpata akathyali: thupi la chaka china, khosi la chaka china, chizindikiro chomata chatsopano, basi gitala yapita pamsika ngati ya 1962. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lamulo lachiwiri ndi lakuti: anaigwirapo ndani? Mu 2020, Fender Mustang ya 1969 ya Bill Wyman wa Rolling Stones inagulitsidwa pa okushoni pa madola 384,000. Mustang inali besi yaing'ono, yopangidwira ophunzira, ndipo ya 1969 ndi ya nthawi ya CBS yomwe ija anthu amainyoza. Chaka chotsatira, Yamaha BB-1200 ya McCartney inagulitsidwa pa pafupifupi theka la miliyoni ya madola. Palibe amene amakhulupirira kuti matabwa ndi maginito a m'magitala amenewa ndi a mtengo wotero. Wogula amalipira dzina ndi mapepala otsimikizira dzinalo.

Kutsutsana kwa malamulo awiriwa kumaonekera bwino pa besi ya Jaco Pastorius, Jazz Bass ya 1962 yotchedwa Bass of Doom. Inalibe ma fret, poti anazulidwa, mipata yake inatsekedwa, ndipo khosi analipaka guluu wolimba wa maboti kuti mawaya asalidye. Pambuyo pake inaphwanyika zidutswazidutswa, amisiri n'kuilumikizanso. Potsatira lamulo loyamba, imeneyi ndi gitala yowonongeka. Koma ndi imene inaphunzitsa dziko kuti besi ikhoza kutsogolera nyimbo ngati mawu a munthu. Inabedwa ku New York mu 1986, nthawi imene Jaco ankavutika ndi matenda a maganizo ndipo masiku ena ankagona panja. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 35, atamenyedwa pakhomo la malo achisangalalo ku Florida. Gitalayo itatulukira m'sitolo ina patapita zaka pafupifupi 20, panabuka mkangano wa umwini, mpaka Robert Trujillo wa Metallica analowererapo ndi ndalama zake pothandiza banja la malemuyo.

Nkhani ya James Jamerson ndi yowawa mofanana. Iye ndi amene anaimba besi m'nyimbo zambiri za Motown ku Detroit, pa Precision ya 1962 imene ankaitcha Funk Machine. Ankaimba ndi chala chimodzi cha dzanja lamanja, sankasintha mawaya pokhapokha aduke, ndipo sankapukuta litsiro la pakhosi. Kwa zaka zambiri dzina lake silinkalembedwa pa zimbale. Linayamba kuoneka poyera mu 1971 pa chimbale cha Marvin Gaye cha What's Going On. Motown itasamukira ku Los Angeles mu 1972, ntchito inayamba kumuchepera. Anamwalira mu 1983 ali ndi zaka 47, besi yake itabedwa atatsala pang'ono kutsikira kuli chete, ndipo mpaka lero sinapezeke. Munthu aliyense wogula Precision ya 1962 pa mtengo wa galimoto akulipirako kanthu chifukwa cha chala cha Jamerson, koma ndalamayo imapita kwa wogulitsa.

Makampani nawo anazindikira kuti ukalamba ndi malonda. Mu 1995, Fender Custom Shop inayamba kugulitsa magitala atsopano otchedwa Relic, okandidwa dala, opaka dzimbiri dala, kuti azioneka ngati anayenda m'mabala zaka 30. Taganizirani: thukuta la woimba limatsitsa mtengo wa gitala yakale, koma thukuta labodza limakweza mtengo wa yatsopano. Ndipo magitala a m'ma 1970 aja ankanyozedwa, lero nawonso akutchedwa vintage. Geddy Lee wa gulu la Rush anagula Jazz Bass yake ya 1972 m'sitolo ya pinyolo ku Kalamazoo, Marcus Miller anatchuka ndi ya 1977, ndipo maganizo a msika anatembenuka potsatira iwo. Mzere wolekanitsa chabwino ndi choipa umasuntha malinga ndi amene watchuka.

Kukhala ndi gitala yotere kulinso ndi goli lake. Makosi ambiri a Fender a kumayambiriro kwa m'ma 1960 ali ndi thabwa la rosewood wa ku Brazil, mtengo umene pangano la CITES linauika m'gulu lotetezedwa kwambiri mu 1992. Kuwoloka nayo malire popanda zikalata kukhoza kuchititsa kuti ilandidwe. Powonjezera inshuwalansi ndi mantha a akuba, eni ambiri amaisiya kunyumba n'kupita kukaimba ndi gitala wamba. Chida chimene chinapangidwa kuti chipeputse ulendo wa woimba chasanduka katundu wosayenda.

Pali zonena kumbali inayo, ndipo n'zomveka. Pakanapanda osonkhanitsa, magitala ambiri akanaphwasulidwa kapena kutayidwa. Iwo ndi amene analemba madeti, kujambula zithunzi za m'kati, ndi kusunga makatalogu, moti mbiri ya zida zimenezi ikudziwika bwino kuposa ya zinthu zambiri za m'fakitale. Buku la Geddy Lee la 2018 lonena za magitala ake a besi ndi ntchito ya mbiri yeniyeni. N'zoonanso kuti magitala ena akale amalira mokoma ndipo amagwirika bwino. Koma ena mwa iwo ndi wamba, monga zilili ndi katundu aliyense wa m'fakitale, ndipo msika suwatsitsa mtengo chifukwa cha zimenezo. Umwini umene ndimaulemekeza ndi wolola chidacho kugwira ntchito, ngati mmene McCartney anakwerera pasiteji ku London mu December 2024 atanyamula Höfner yopezeka ija.

Kwa woimba wachinyamata amene amaona mitengo imeneyi pa Reverb n'kutaya mtima, mbiri ili ndi yankho. Bakithi Kumalo wa ku South Africa anaimba besi yodziwika dziko lonse ya m'nyimbo ya You Can Call Me Al, pa chimbale cha Paul Simon cha Graceland cha 1986, pogwiritsa ntchito Washburn yopanda ma fret, yotsika mtengo. Kwathu kuno, vuto lomwe lija la Tutmarc ndi Fender, lopezera gulu mawu akuya ndi zinthu zofikirika, linathetsedwa ndi waya umodzi: abale a Kachamba a ku Chileka ankaimba kwela ndi besi ya waya umodzi, ndipo babatoni wa Madalitso Band, wochokera m'misewu ya Lilongwe, wamveka m'mabwalo a ku Ulaya.

Phunziro lina ndi la ife ophunzira mbiri ndi chikhalidwe. Besi ya Wyman inadula chifukwa panali zithunzi, makalata ndi anthu otsimikiza kuti inali yake. Mbiri ya chida simera yokha, amachita kuilemba anthu. M'nyumba zosungira katundu za matchalitchi, m'magalaja ndi pansi pa mabedi a oimba opuma muli magitala amene anavinitsa makolo athu. Amene akufuna mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza angayambire pomwepo: kupeza chida chimodzi, kuchijambula, kufunsa anachigula kuti, chaka chanji, ndi ndalama zingati, ndiponso nyimbo zimene chinaimba, mwini wake akadali moyo woti n'kuyankha. Tikatero, dzina loyamba papepalalo lidzakhala la woimba.