WITCH ya ku Zambia: gulu la rock lomwe linayamba ndi nyimbo za eni ake

WITCH ndi gulu loimba la ku Zambia lomwe linayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 mumzinda wa Kitwe, kudera la migodi ya kopa. Limaimba chamba cha rock, nyimbo za magitala amagetsi olira mokalipa ndi ng'oma zogunda mwamphamvu, ndipo mpaka lero likuimbabe. Omvera ena akamva dzinali amadzidzimuka, poti pa Chingerezi mawuwa amatanthauza mfiti. Za ufiti palibepo. Ndi zilembo zoyamba za mawu akuti We Intend To Cause Havoc, ndiko kunena kuti "tabwera kudzayambitsa chipwirikiti", ndipo chipwirikiti chakecho chinali cha m'maholo ovinira.

Kuno kunyanja, kuyambira ku Nkholongue, Metangula mpaka ku Cóbuè, nyimbo za ku Zambia si zachilendo, poti Chinyanja cha ku Lusaka timachimva popanda womasulira. Mbiri ya gululi ikukhudzanso funso limene anyamata athu oimba pa maukwati amakumana nalo: kodi kuimba nyimbo ya munthu wina ndi kuphunzira, kapena ndi kuba?

Chiyambi

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, kopa anali pa mtengo wabwino ndipo m'matauni a kumigodi munkayenda ndalama. Zimbale zochokera ku Britain ndi ku America zinkapezeka, ndipo anyamata ankamvetsera The Rolling Stones, Jimi Hendrix, Deep Purple, Black Sabbath ndi James Brown. Ambiri analibe mphunzitsi wa nyimbo. Ankaseweretsa chimbale kambirimbiri, kutchera khutu, n'kumafunafuna pa gitala pomwe chala chiyenera kukhala. Madzulo ankapita kukaimba nyimbo zomwezo m'makalabu, ndipo gulu labwino linali lomwe lingaimbe mofanana kwambiri ndi chimbalecho.

WITCH inayamba chimodzimodzi. Ngakhale dzina la woimba wake wamkulu ndi lobwereka. A Emmanuel Chanda ankavina ndi kudumpha pa nsanja ngati Mick Jagger wa The Rolling Stones, anthu n'kuwapatsa dzinalo, ndipo m'kamwa mwa a ku Zambia linasanduka Jagari.

Koma nyimbo yobwereka ili ngati khasu la mnansi: umalimira, koma madzulo umakabweza. Gululi linayamba kupeka nyimbo zakezake n'kutulutsa chimbale choyamba chotchedwa Introduction. Kenako pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Lamuloli linasintha zinthu. Woimba yemwe ankangodziwa kubwereza za azungu analibenso malo pa wailesi, pomwe wopeka zake anapeza msika. WITCH inatulutsa Lazy Bones!! mu 1975 ndi Lukombo Vibes mu 1976, n'kumakaimbanso m'mayiko oyandikana nawo, kuphatikizapo Malawi.

Chamba chimenechi chinatchedwa Zamrock: gitala wa rock koma wosakanizidwa ndi kagundidwe ka ng'oma za kumudzi. WITCH siinali yokha. Gulu la Amanaz linatulutsa chimbale cha Africa mu 1975. Ku Lusaka kunali Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, ndi gulu lake la Ngozi Family, amene ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja za moyo wa m'makomboni. Kwa womvera wa kuno, ameneyu ndiye wosavuta kuyambira, chifukwa mawu ake amafika okha.

Kugwa ndi kudzukanso

Mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, anthu anasowa ndalama zogulira zimbale. Nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe inafika mpaka m'dziko la Zambia, ndipo boma linaletsa kuyenda usiku, pomwe usikuwo ndiwo unali munda wa oimba. A Jagari anachoka m'gululi n'kukhala mphunzitsi. Otsalawo, pamodzi ndi a Patrick Mwondela oimba kiyibodi, anatembenukira ku nyimbo za disko ndipo anatulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Kenako Edzi inalowa n'kutenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa amene anayambitsa WITCH, a Jagari ndi okhawo amene ali moyo, ndipo kwa zaka zambiri ankadya za kukumba miyala yamtengo wapatali.

Chimene chinawadzutsa ndi nyimbo zawo zopeka okha zija. Anthu osonkhanitsa zimbale zakale ku Ulaya ndi ku America anazipeza, ndipo mu 2012 kampani ya Now-Again Records ya ku America inazitulutsanso pamodzi. Mu 2019 kunatuluka kanema wa mbiri ya gululi wojambulidwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy. A Jagari ndi a Mwondela anapangana ndi oimba achinyamata a ku Ulaya, monga Jacco Gardner wa ku Netherlands, n'kuyambanso kuyenda. Mu 2023 anatulutsa Zango, chimbale choyamba patapita zaka 39, momwe muli mawu a Sampa the Great, ndipo mu 2025 anatulutsa Sogolo. A Jagari apitirira zaka 70 koma pa nsanja amadumphabe.

Akanakhala kuti anangojambula nyimbo za The Rolling Stones, palibe akanawoloka nyanja kudzawafuna.

Nkhalamba za rock zikabwerera ku nyimbo zakale

Pamene WITCH inkakonza nyimbo zatsopano, gulu limodzi mwa aja ankawatsanzira linachita zosiyana. Deep Purple, gulu la ku England lomwe linayamba mu 1968, linatulutsa chimbale cha Turning to Crime mu Novembala 2021. Muli nyimbo 12 ndipo palibe imene anapeka okha. Anatenga za Bob Dylan, Fleetwood Mac, Cream, The Yardbirds ndi ena amene ankawamvera kale. Chifukwa chake chinali Covid-19. Gululi limapeka nyimbo likakhala m'chipinda chimodzi, koma nthawi imeneyo sankatha kukumana, choncho aliyense ankajambula gawo lake kwawo n'kutumiza pa intaneti. Dzina la chimbalecho limatanthauza kuyamba umbanda, ndipo pachikuto anadzijambulitsa ngati anthu amene agwidwa ndi apolisi. Ndi nthabwala yodziseka okha kuti akuba nyimbo za anzawo.

Kwa iwo sichinali chinthu chatsopano. Nyimbo yoyamba imene inawatchukitsa mu 1968, Hush, anailemba ndi Joe South wa ku America. Magulu ena akuluakulu anachitapo zomwezi, monga Metallica ndi chimbale cha Garage Inc. mu 1998. Kunena zoona, zimbale zotere sizikhala zopambana pa ntchito ya gulu. Ubwino wake ndi woti zimaonetsa kumene oimbawo anayamwa luso, ndipo zimatumiza achinyamata kukafuna nyimbo zoyambirirazo.

Mwini nyimbo ndani?

Nthabwala ya Deep Purple ili ndi malire: pa chimbale chawo dzina la wopeka nyimbo iliyonse linalembedwa, ndipo gawo la ndalama limapita kwa iye kapena kwa olowa chuma chake. Umu ndi mmene lamulo la umwini wa nyimbo limayendera m'mayiko ambiri. Mutha kuimbanso nyimbo ya wina ndi mawu anu ndi zida zanu, koma mwini amakhalabe wopekayo. Kuijambula n'kumagulitsa popanda chilolezo, kapena kuipereka ku wailesi ngati yanu, ndi mlandu. Kudula kachidutswa ka chimbale cha wina n'kukaika m'nyimbo yanu kumafuna chilolezo cha mbali ziwiri, wopeka nyimbo ndi mwini chimbale. Mabungwe oyang'anira zimenezi ndi SOMAS kuno ku Moçambique, COSOMA ku Malawi ndi ZAMCOPS ku Zambia, ndipo ndi kumene woimba amalembetsa nyimbo zake.

Kuno ku Niassa tili ndi chitsanzo chapafupi cha kumanga pa zakale. Gulu la Massukos la ku Lichinga, lotsogozedwa ndi a Feliciano dos Santos, linatenga kaimbidwe ka makolo a chigawo chino n'kupeka nako nyimbo zatsopano za magitala, zina m'Chiyao zina m'Chinyanja, ndipo zinawafikitsa mpaka ku Ulaya.

Ku Zambia tsopano obwereka ndi a ku America. Mu 2023 woimba Travis Scott anagwiritsa ntchito kachidutswa ka nyimbo ya Amanaz. Mu Okutobala 2024, Tyler, the Creator anatulutsa nyimbo ya Noid, ndipo mkati mwake mukumveka mawu a Chinyanja a Paul Ngozi, otengedwa m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi ya pa chimbale cha 45,000 Volts cha mu 1977, zaka 35 mwini wake atagona m'manda.