Wojtyła: Dzina la Kumudzi Lomwe Linasokoneza Roma

Madzulo a pa 16 Okutobala 1978, utsi woyera utatuluka padenga la tchalitchi cha Sistine ku Roma, chinamtindi cha anthu chinangoti duu pabwalo kudikira dzina la papa watsopano. Kadinala Pericle Felici anatulukira pakhonde nayamba kulengeza m'Chilatini. Dzina loyamba, Carolum, linamveka bwinobwino. Koma atatchula lachiwiri, anthu anayang'anana. Ndani ameneyo? Zimasimbidwa kuti ena m'chikhamumo anayamba kunong'onezana kuti mwina asankha kadinala wa ku Africa, poti dzinalo silinamveke ngati la mzungu.

Kunena zoona, sitingawaseke. Talitchulani nokha, awerengi. M'Chipolishi, W amamveka ngati V wathu, j amamveka ngati y, ndipo l wodulidwa ndi kamzere uja, ł, amamveka ngati w. Ndiye Wojtyła timati Voyitiwa. Mutamva dzina lotere likuitanidwa pa chipatala cha ku Dedza, simungatembenuke n'komwe.

Patapita zaka 10 ndi miyezi ingapo, mu Meyi 1989, mwini dzinalo anaponda dothi la Malawi, nachita Misa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuno anadziwika kuti Papa Yohane Paulo Wachiwiri. Koma dzina limene makolo ake anamusiyira lili ndi mbiri yakeyake, ndipo si mbiri ya mafumu kapena eni chuma ayi. Ndi mbiri ya anthu wamba, amene kwa zaka mazanamazana palibe ankasamala zolemba mayina awo.

Apolishi ndi amodzi mwa mitundu yotchedwa Aslav, pamodzi ndi anthu a ku Russia, Ukraine, Slovakia, Serbia, Bulgaria ndi ena, omwe zinenero zawo n'zapachibale. Karol Wojtyła anali papa woyamba wochokera mwa Aslav, komanso woyamba wosakhala Mtaliyana chichokere Adrian VI yemwe anasankhidwa mu 1522. N'chifukwa chake makutu a ku Roma sanali okonzeka.

Tsinde la dzinali ndi Wojt-, ndipo akatswiri a mayina a ku Poland amati tsinde limeneli lili ndi magwero awiri. Loyamba ndi mawu oti wójt. M'zaka za m'ma 1200, mafumu a ku Poland ankaitana Ajeremani kudzamanga matauni, ndipo matauniwo ankayendetsedwa motsata malamulo a mzinda wa Magdeburg. Mzinda wa Kraków unalandira malamulo amenewa mu 1257. Mkulu wa tauni yotere Ajeremani ankamutcha Vogt, mawu omwe nawonso anabwereka ku Chilatini, advocatus, kutanthauza munthu woitanidwa kudzayankhulira mnzake pa mlandu. Lilime la Apolishi linawapinda mawuwo mpaka anasanduka wójt. Iyeyu ankaweruza milandu, ankatolera msonkho wa mwini dziko, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a chindapusa linkalowa m'thumba mwake.

Pang'onopang'ono udindowu unatsikira kumidzi. Kumeneko wójt anali mlimi ngati anzake, wosankhidwa kuti aziimira mudzi pamaso pa mwini malo ndi kuona kuti malamulo a bwanayo akutsatidwa. Tingati nyakwawa, tingatinso kapitawo, poti ankadyera uku ndi uku, ndipo ankanyozedwa uku ndi uku. Udindowu ukadalipo mpaka lero: mkulu wa boma laling'ono la kumidzi ku Poland amatchedwa wójt, ndipo kuyambira mu 2002 amasankhidwa ndi anthu eni ake pa chisankho.

Gwero lachiwiri ndi dzina la munthu, Wojciech, lomwe pocheza amalidula n'kumati Wojtek. Ili ndi dzina lakale la Aslav, lopangidwa ndi mawu awiri: woj, wankhondo, ndi ciech, chimwemwe kapena chitonthozo. Linafala chifukwa cha Wojciech, bishopu wa ku Prague amene anaphedwa mu 997 akulalikira kwa anthu a ku Prussia, patangopita zaka 31 fumu Mieszko I itabatizidwa mu 966. Thupi lake linaikidwa ku Gniezno, ndipo anasanduka nkhoswe yoyera ya dziko lonse la Poland. Makolo osawerengeka anatcha ana awo dzina lake. Choncho m'mudzi uwu tsinde la Wojt- lingachokere kwa nyakwawa, m'mudzi winawo lingachokere kwa mlimi wina dzina lake Wojtek. Ku magwero awiri omwewa kunatuluka mayina ngati Wójcik, Wójtowicz, Wojtas ndi Wojciechowski.

Tsono chimene chimalipatula dzina lathuli ndi mchira wake, -yła. Ku Poland mchira wa dzina umanena zambiri. Mchira wotchuka uja, -ski kapena -cki, poyamba unali wa eni malo: a Tarnowski anali eni Tarnów, a Potocki anali eni Potok. Pambuyo pake anthu wamba anautengera, n'chifukwa chake lero kuli a Kowalski ambirimbiri, ochokera ku kowal, wosula zitsulo. Koma michira ya -ała ndi -yła kawirikawiri sinali ya kunyumba yachifumu. Ndi michira ya mayina ochemerera kapena osereula a kumudzi: Gwizdała, woimba mluzu, Mrugała, wophethiraphethira. Mayina otere ndi ofala kum'mwera kwa dzikolo. Palinso ena amene amaloza kwa abusa a nkhosa otchedwa Avlach, omwe anayenda m'mapiri a Carpathian kuchokera cha ku Romania kuyambira m'zaka za m'ma 1300 mpaka anafika ku mapiri a Beskid. Iwowa amati mchira wa -yła ukufanana ndi wa mayina a ku Romania ngati Dănilă. Kaya ndi nyakwawa, kaya ndi Wojtek, kaya ndi mbusa, onsewo ndi anthu a khasu ndi ndodo.

Nanga dzina losereula limasanduka bwanji dzina la banja? Apa ndi pamene inki imalowera. Kalelo mlimi wa ku Poland ankadziwika ndi dzina la ubatizo ndi lochemerera basi, ndipo mwana wake ankatha kudziwika ndi lina. Mu 1563, msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika ku Trent unalamula kuti parishi iliyonse izisunga kaundula wa maubatizo ndi maukwati. Wansembe akalemba dzina kamodzi, ankalibwereza pa mwana, pa mdzukulu. Kenako kunabwera boma. Mu 1772, pamene Russia, Prussia ndi Austria anayamba kugawana Poland ngati nyama ya pa maliro, chigawo cha kum'mwera chinagwa m'manja mwa Austria n'kutchedwa Galicia. Mu 1784 mfumu Joseph II inasandutsa makaundula a m'maparishi kukhala a boma, ndipo mu 1787 inalamula Ayuda kuti atenge mayina a banja osasintha. Musaganize kuti chinali chikondi. Boma likafuna msonkho ndi asilikali, limafuna munthu wosazemba, wa dzina limodzi lero ndi mawa.

M'makaundula amenewa ndi momwe timakumana ndi a Wojtyła a ku Czaniec, mudzi wa m'tsinde mwa mapiri a Beskid, kufupi ndi tauni ya Kęty. Bartłomiej Wojtyła anabadwira kumeneko mu 1788. Anakulira m'nthawi ya thangata, pamene mlimi ankalima munda wa bwana masiku oikika popanda malipiro, mchitidwe womwe ku Galicia unatha mu 1848. Ali ndi zaka 7, mu 1795, dziko la Poland linafafanizidwa pa mapu, ndipo silinabwererepo mpaka mu 1918. Taganizani: kwa zaka 123 dziko linalibe dzina, koma dzina la mlimi linkalembedwabe m'buku la parishi, ubatizo ndi ubatizo.

Mdzukulu wa Bartłomiej, Maciej, wobadwa mu 1852, anaphunzira utelala nasamukira ku Lipnik, dera lomwe lero lili mu mzinda wa Bielsko-Biała. Kumeneko mu 1879 anabereka Karol, amene analowa usilikali wa Austria, ndipo Poland itadzuka mu 1918 anavala yunifomu ya dziko lake. Karol anakwatira Emilia Kaczorowska. Mwa mwambo wa chinenero chawo, mayiyu ankatchedwa Wojtyłowa, kutanthauza mkazi wa Wojtyła, pamene mwana wamkazi akadatchedwa Wojtyłówna. Ife a kuno, amene timadziwa kusiyana kwa Phiri ndi Naphiri, sitingadabwe nazo.

Banjali linali ndi ana atatu. Edmund anabadwa mu 1906. Olga anamwalira ali khanda. Chitsirizira, Karol wamng'ono, anabadwa pa 18 Meyi 1920 ku Wadowice, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Kraków. Kenako imfa inayamba kuthyola nthambi imodziimodzi. Mayi anapita mu 1929. Edmund, yemwe anali dokotala ku chipatala cha ku Bielsko, anatengera matenda kwa wodwala amene ankamusamalira, namwalira mu Disembala 1932 ali ndi zaka 26, wopanda mwana. Bambo anamwalira mu Febuluwale 1941 ku Kraków, mzindawo uli m'manja mwa asilikali a Hitler. Pa zaka 20 zokha, Karol anatsala yekhayekha m'nyumba ya bambo ake, akuphwanya miyala pa mgodi kuti Ajeremani asamutengere ku ukapolo. Atadzozedwa unsembe pa 1 Novembala 1946, zinadziwikiratu kuti nthambi imeneyi ya dzinali yathera pa iye.

Chodabwitsa n'choti moyo wake wonse dzinali linkangobisika. Ali mwana anzake ankamuitana Lolek. Ali wansembe wachinyamata, boma la chikomyunizimu silinkafuna kuona ansembe akuyenda ndi ophunzira, ndiye popita kumapiri anyamata ndi atsikanawo ankamuitana Wujek, mawu omwe kwenikweni amatanthauza malume. Wapolisi akamva, ankangoti ndi banja lili pa ulendo. Munthuyu analinso mlakatuli, koma ndakatulo zake mu nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu ya Tygodnik Powszechny zinkatuluka ndi dzina loti Andrzej Jawień. Nthawi zina ankasaina Stanisław Andrzej Gruda, ndipo gruda ndi chibuma cha dothi. Mdzukulu wa alimi sanathawe patali. Pomaliza, usiku womwe dziko lonse linamva dzina lakuti Wojtyła ndi womwewonso iye analivula, navala la Yohane Paulo.

Lero dzinali ndi lofala bwanji? Amene anatithandiza kuona kachulukidwe ka mayina a ku Poland ndi Pulofesa Kazimierz Rymut wa ku Kraków, yemwe pakati pa 1992 ndi 1994 anasindikiza mabuku 10 ondandalika mayina a mabanja a m'dzikomo, kutengera kaundula wa boma wa mu 1990, kusonyeza eni dzina lililonse ndi zigawo zomwe amakhala. M'dziko la anthu oposa 36 miliyoni, dzina lotsogola ndi Nowak, kutanthauza wobwera kumene, lomwe eni ake ndi pafupifupi 200,000. Kenako Kowalski ndi Wiśniewski. Lachinayi ndi Wójcik, msuweni wa dzina lathuli, lomwe lili ndi anthu pafupifupi 100,000. Koma Wojtyła sapezeka ngakhale pa mayina 100 oyamba. Eni ake ndi ochepa, ndipo ambiri aunjikana kum'mwera komwe kuja, kuzungulira Bielsko-Biała, Żywiec ndi Kraków. Dzina la mlimi siliyenda msanga, poti mlimi wa thangata sankaloledwa kuchoka pa malo a bwana wake popanda chilolezo.

Amene analitulutsa kunja ndi umphawi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Galicia inali imodzi mwa madera osaukitsitsa a ufumu wa Austria, ndipo anthu miyandamiyanda anakwera sitima za pamadzi kupita ku America. Kumeneko makina otayipira analibe ł, ndipo mayina ambiri a Chipolishi anataya timizere tawo. N'chimodzimodzi m'nyuzipepala za kunja, momwe papa ankalembedwa Wojtyla. Kamzere kamodzi kakachoka, Voyitiwa amasanduka Wojitila, munthu amene amayi ake sakanamuzindikira. Aliyense amene dzina lake linapindidwapo ndi kalaliki wa pa ofesi akudziwa kuwawa kwake.

Papa anamwalira pa 2 Epulo 2005, ndipo analengezedwa woyera pa 27 Epulo 2014. Pa manda ake m'tchalitchi cha Petulo Woyera palembedwa dzina la upapa m'Chilatini. La makolo ake palibe. Mukalifuna, pitani ku manda a Rakowicki ku Kraków, komwe agona bambo, mayi ndi Edmund. Pitani ku Bielsko-Biała, komwe chipatala chinatchedwapo dzina la dokotala wachinyamata uja. Ngakhale Ataliyana, amene analephera kulimva tsiku loyamba lija, anadzalizolowera mpaka bwalo la ndege la mzinda wa Bari analitcha Karol Wojtyła. Ndipo mu 2020 Mpingo ku Kraków unatsegula kafukufuku woona ngati makolo ake awiriwo angatchedwe odala.

Zonsezi tikuzidziwa chifukwa ansembe a kumudzi, omwe palibe akuwakumbuka, ankakhala pansi ndi nthenga ndi inki kulemba mwana wa mlimi mosamala ngati akulemba mwana wa mfumu. Amene analemba Bartłomiej mu 1788 sakanalota kuti patapita zaka 190 dzinalo lidzafuulidwa pakhonde la ku Roma. Analemba chifukwa mwana wabadwa, ndipo ali ndi dzina.