Mbili ya nkhuku yolembedwa m'magazi ake

Mu Disembala 2004, magazini ya sayansi ya Nature inalengeza kuti asayansi awelenga pafupifupi DNA yonse ya nkhuku. DNA ndi malangizo a cibadwa amene camoyo ciliconse cimalandila kwa makolo ake, olembedwa ndi zilembo zinayi zobwelezabweleza. Nkhuku inakhala mbalame yoyamba kuwelengedwa motele. Anasankha thadzi la mtundu wa m'thengo wa ku Asia, wochedwa red junglefowl, ndipo anapezamo zilembo pafupifupi biliyoni imodzi, gawo limodzi mwa magawo atatu a zathu anthufe.

Ine ndimaphunzitsa mbili yakale, ndipo nkhaniyi ndimaiona kuti ndi ya phunzilo langa, cifukwa inayankha funso lakalekale: kodi nkhuku inacokela kuti? Mu 1868 Charles Darwin analemba kuti kholo la nkhuku zonse zoweta ndi red junglefowl yokha. Analondola, koma osati zonse. Mu 2008 asayansi a ku Uppsala, m'dziko la Sweden, anapeza kuti cibadwa ca khungu ndi miyendo yacikasu cinacokela kwa mbalame ina ya ku India, grey junglefowl. Mu 2020 ena anayelekezela DNA ya mbalame 863 napeza kuti gwelo lalikulu lili kumpoto kwa Thailand, ku Myanmar ndi kum'mwela cakumadzulo kwa China. Ofukula zakale akugwilizana nazo: mafupa a nkhuku a ku Ban Non Wat, ku Thailand, ndi a zaka zoposa 3,000 zapitazo, m'mudzi wa anthu olima mpunga. Kuno ku Africa, ena mwa mafupa akale kwambili anapezeka ku Mezber, kumpoto kwa Ethiopia, a zaka zoposa 2,500. Nkhuku ya kwathu ndi mlendo amene anakhalitsa mpaka kusanduka mwinimudzi.

Mu 2004 momwemo, asayansi anayelekezelanso nkhuku yam'thengo ija ndi mitundu itatu yoweta: buloila, nkhuku ya mazila ndi Silkie ya ku China. Anapeza malo okwana mamiliyoni 2.8 pamene zilembo zimasiyana, ndipo kusiyana kwambili kunalipo kale anthu asanayambe kuweta nkhuku. Ndiye kuti alimi sanalenge cumaci, anangosankhamo.

Kusankhako kunathamanga kwambili pambuyo pa 1948, pamene ku America kunacitika mpikisano wochedwa Chicken of Tomorrow, wofuna nkhuku ya mnofu wambili. Ofufuza a ku yunivesite ya Alberta anaweta mtundu wa mu 1957 ndi wa mu 2005 pa cakudya cofanana. Patapita masiku 56, wakale unalemela magalamu 905, watsopano magalamu 4,202. Nyama inachipa, ndipo ife a m'tauni sitingakane kuti buloila yatithandiza pa ndiwo. Koma kafukufuku wa mu 2008 anasonyeza kuti nkhuku za malonda zinataya theka kapena kuposa la kusiyanasiyana kwa cibadwa kumene makolo ake anali nako.

Apa ndi pamene ndimaona kufunika kwa nkhuku ya kumudzi. Siinasankhidwe ndi kampani. Inasankhidwa ndi dzuwa la Okutobala, njala ya m'dzinja, mphamba ndi matenda. Taonani kameta, ija ya khosi lopanda nthenga imene ana amaiseka. Mu 2011 asayansi a ku Roslin Institute, ku Scotland, anafotokoza kusintha kwa DNA kumene kumaletsa nthenga kumela pakhosi pake, ndipo khosi limenelo limaithandiza kupilila kutentha.

Citopa cikasesa mudzi, kapena tikamaloleza tambala wacilendo kukwela misoti yonse cifukwa ndi wamkulu thupi, timataya zimene zinasonkhanitsidwa pa mibadwo yambili ya nkhuku. Katemela wa citopa alipo. Cimene cikusowa ndi kuzindikila kuti nkhuku imene ikupalasa kuseli kwa nkhokwe yasunga zimene makampani aakulu anataya, ndipo kukamatenthelatentha adzazifuna.