Liwu la Magetsi M'masipika

Munthu akayatsa wailesi ya m'nyumba, nthawi zina masipika amayamba kung'ung'uza kuti mmmm, nyimbo isanayambe n'komwe. Ambiri amangoti wailesi yakalamba. Komatu liwulo ndi la magetsi eniakewo. Magetsi a ESCOM amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi imodzi, chimodzimodzi a ku Ulaya, pomwe a ku America amatero ka 60. N'chifukwa chake wailesi ya ku Chicago imang'ung'uza ndi liwu lokwererapo poyerekeza ndi ya ku Zomba. Ku Japan maliwu onse awiri aliko: m'ma 1890 mzinda wa Tokyo unagula majenereta ku AEG ya ku Germany, wa Osaka n'kugula ku General Electric ya ku America, ndipo kusiyanako kudakalipo.

Mawailesi oyambirira analibe vutoli chifukwa ankayendera mabatire, omwe moto wake umayenda mbali imodzi mwakachetechete. Ngakhale Saucepan Special ya Ever Ready, yomwe inafika mu 1949 n'kumabweretsa mawu a ku Lusaka m'midzi ya Nyasaland, inali ya batire. Mavuto anadza pamene anthu a ku America, atatopa ndi mabatire olemera ndi otayikira asidi pansi, anafuna wailesi yongobaya pakhoma. Kawaya kotenthetsa vavu ya m'wailesi kakalandira magetsi a pakhomawo, phokoso linkalowa m'nyimbo. Akatswiri anakapatula kawayako kuti kazingopereka kutentha kokha, ndipo mu 1927 kampani ya RCA inatulutsa Radiola 17, yomwe inagulidwa kwambiri.

Oimba magitala anavutika ndi phokosoli mpaka m'ma 1950. Seth Lover wa ku Gibson anaika makoilo awiri opingasana kuti phokoso lolowa mu ina lizifafanizidwa ndi inzake. Chipangizocho, humbucker, chinayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul mu 1957.

M'nyumba, mdani wamkulu anabwera zipangizo zitachuluka. Galamafoni, ampu, kaseti, kenaka TV ndi dikoda, chilichonse ndi pulagi yake, zonse zolumikizana ndi timawaya ta RCA tofiira ndi toyera. Zipangizo ziwiri zikakhala ndi njira ziwiri zopita ku ethi, kamoto kochepa kamazungulira m'mawaya a mawu, ampu n'kukakuza limodzi ndi nyimbo. Akatswiri amati ground loop. Galamafoni ndiyo imavutika koposa, poti mawu ochokera pa singano ndi ofooka zedi. Kasikuluwu kolembedwa GND kuseri kwa ampu kanaikidwira waya wake.

Njira ya amisiri odziwa ntchito sinasinthe kuyambira nthawi ya mavavu, ndipo ndi yofunika kuilemekeza. Amazula zonse, n'kusiya ampu ndi masipika okha. Phokoso likapitirira voliyumu ili pansi, vuto lili m'kati, kawirikawiri makapasita ouma, omwe kulira kwake n'kokwerera, ka 100 pa sekondi. Likatha, amabwezera waya mmodzimmodzi mpaka wolakwa adziulule, ndipo nthawi zambiri amakhala wa eriyo kapena wa dishi. Kubaya zonse pa ekisitenshoni imodzi ndi kutalikitsa mawaya a mawu ku thiransifoma kumathandiza kwambiri. Alipo ena amene amathyola phini ya ethi. Phokoso limathadi, koma waya wa moto ukadzakhudza chitsulo cha ampu, wogwirapo ndiye amasanduka njira ya magetsiwo.

Phokoso lomweli lapeza ntchito kupolisi. Liwiro limene magetsi amapitira uku ndi uku limakwera ndi kutsika pang'onopang'ono malinga ndi mmene anthu akuwagwiritsira ntchito, ndipo kuyambira 2005 apolisi a ku London akhala akusunga kusinthaku usana ndi usiku. Mawu ojambulidwa pafupi ndi magetsi akabwera ngati umboni, amayerekeza kung'ung'uza kwake ndi zomwe anasunga, n'kudziwa tsiku ndi ola limene anajambulidwa, komanso ngati wina anadulamo.