Malovu

Malovu ndi madzi amene amatuluka m'kamwa. Ambirife timawakumbuka pokhapokha tikafuna kulavula, chonsecho ndi amene amatsuka mano ndi kufooketsa asidi amene amawabowola.

Mankhwala a khansa otchedwa chemotherapy kawirikawiri amaumitsa m'kamwa. Malovu akachepa, shuga wa mu tiyi amakanirira m'mano, nkhama zimatupa, dzino n'kuyamba kuwola mwakachetechete. Zilonda za m'kamwa zikabuka, ngakhale usipa wouma umabaya ngati minga.

Kumudzi ngati Ruarwe galimoto sizifika, ulendo umadalira boti kapena sitima ya Ilala, ndiye dzino likavuta dokotala ali kutali. Choncho wodwala khansa wochokera kumeneko apimitsiretu mano asanayambe mankhwalawo ku chipatala cha Kamuzu Central. Akabwerera kumudzi azimwa madzi pafupipafupi ndi kuchukucha m'kamwa ndi madzi othira kamchere pang'ono.