Kutentha koyenera polera ana a kangaude wa false widow

Kumudziwa kangaudeyu

False widow ndi dzina la akangaude a gulu la Steatoda. Mimba yawo ndi yobulungira komanso yonyezimira, choncho amafanana ndi kangaude woopsa uja wotchedwa black widow, ngakhale ululu wawo ndi wocheperapo. Mitundu yodziwika kwambiri ndi itatu. Steatoda nobilis kwawo ndi ku zilumba za Madeira ndi Canary. Ku England anapezeka koyamba mu 1879 pafupi ndi Torquay, ndipo lero wafalikira ku Ireland, California ndi Chile. Steatoda grossa amakhala m'nyumba za anthu m'maiko ambiri. Steatoda capensis kwawo ndi ku South Africa, koma anafikanso ku Australia ndi New Zealand.

Akangaudewa amaleredwa ndi ofufuza, aphunzitsi a sayansi komanso anthu okonda kuweta tizilombo. Gawo lovuta ndi losamala ana akangotuluka m'thumba la mazira, chifukwa amafa msanga malo awo akatentha ndi kuuma.

Chifukwa chake kutentha n'kofunika

Thupi la kangaude silidzipangira lokha kutentha ngati la nkhuku kapena mbuzi. Limatsata kutentha kwa malo amene ali. Kukafunda, kangaude amadya kwambiri, amafundula pafupipafupi ndipo amakula msanga. Kukazizira, zonsezi zimachedwa. Ana a kangaude ndi aang'ono kwambiri moti madzi a m'thupi mwawo sachedwa kutha. N'chifukwa chake kutentha kopitirira muyeso kumawapha msanga kusiyana ndi kuzizira.

Mulingo woyenera

- 20°C mpaka 25°C: uwu ndiwo mulingo wabwino. Ana amadya bwino ndi kufundula mosavuta.
- 15°C mpaka 19°C: amakhala ndi moyo, koma amadya pang'ono ndipo amakula mochedwa.
- Pansi pa 15°C: amafooka ndipo ena amasiya kugwira chakudya. Steatoda nobilis wamkulu amapirira chisanu cha ku Britain, koma musayese ana ang'onoang'ono ndi mulingo wa akuluakulu.
- Pamwamba pa 30°C: apa ndi pangozi, makamaka m'kabotolo kotseka.

Kuzizira pang'ono usiku sikuwavulaza. Choopsa ndi kusinthasintha kwakukulu ndi kwadzidzidzi. M'chipinda chimene munthu amakhalamo osamva kuzizira, simufunika chotenthetsera china chilichonse.

Poika mabotolo

1. Sankhani shelefu ya m'chipinda chamthunzi, kutali ndi windo. Dzuwa likawomba kabotolo, m'kati mumatentha m'mphindi zochepa chabe.
2. Musaike mabotolo pafupi ndi mbaula, babu loyaka kapena pamwamba pa filiji.
3. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, tsitsani mabotolo pafupi ndi pansi m'miyezi yotentha. Atetezeni ku nyerere poika miyendo ya tebulo m'zitini za madzi.
4. Ikani choyezera kutentha pambali pa mabotolo, osati pakhoma lakutali. Werengani m'mawa ndi masana, ndipo lembani m'kope.
5. Kukazizira kwambiri, fundizani chipinda chonse m'malo motenthetsa botolo lenilenilo.

Mpweya, madzi ndi chakudya

Boolani timabowo ting'onoting'ono pachivindikiro, kapena vindikirani ndi kansalu kolowa mpweya. Ikanimo timitengo touma kuti kangaude amangepo ukonde. Kamodzi kapena kawiri pa sabata, nyowetsani pang'ono kathonje ndi kukaika pakona. Musathire madzi ambiri, chifukwa ana amamira ngakhale m'dontho limodzi, ndiponso chinyezi chochuluka chimabweretsa chuku.

Adyetseni ntchentche zazing'ono zimene zimasonkhana pa nthochi zakupsa, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Kukafunda, njala imawapweteka msanga ndipo amayamba kudyana okhaokha. Choncho akayamba kubalalika kuchoka pathumba la mazira, alekanitseni, aliyense m'kabotolo kake. Kangaude akasiya kudya ndi kungokhala phee, kawirikawiri amakhala akukonzekera kufundula. Musamusokoneze, ndipo chotsani ntchentche zotsala.

Zizindikiro za vuto

Mimba yofota ndi miyendo yopindikira m'kati zimasonyeza kuuma. Samutsirani botolo pamalo ozizirirapo ndipo ikanimo thonje lonyowa. Madontho a madzi m'mbali mwa botolo amasonyeza kuti mpweya sukulowa mokwanira. Ana akangokhala osayenda, osamanga ukonde kwa masiku angapo, yezani ngati chipinda sichinazizire kwambiri.

Chenjezo

Kum'mwera kwa Africa kuno kuli brown widow, amene ululu wake ndi woopsa kuposa wa false widow. Musanasunge thumba la mazira, liyang'anitsitseni: la brown widow limakhala ndi tinsonga ngati minga, pomwe la false widow lilibe. Brown widow alinso ndi chizindikiro chofiirira kunsi kwa mimba, chopyapyala pakati.

False widow naye amaluma akapanikizidwa, ndipo kupweteka kwake kumafanana ndi kwa mavu. Musamugwire ndi manja. Gwiritsani ntchito kabulashi kofewa. Mukalumidwa, tsukani ndi sopo. Kutupa kukamafalikira kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala. Musataye akangaude ochokera kunja kutchire kapena m'munda, chifukwa amaswana msanga ndi kulanda malo a akangaude a m'deralo.