Mfunda wa Phiri: Chiyambi, Tanthauzo ndi Kufala Kwake

Dzina lakuti Phiri, limene lero limalembedwa m'makaundula a sukulu ndi pa ziphaso monga dzina la banja, poyamba silinali la banja limodzi ayi. Linali mfunda, ndiye kuti dzina la pfuko lonse. Ena amati chiwongo, liwu limene linachokera ku Chingoni, isibongo.

Mbiri yopatsirana pakamwa imati Amaravi ali pa ulendo wochokera ku Uluba, m'dziko la Congo, anagona pamalo ena m'magulu awiri. Amene anagona pamwamba pa phiri anatchedwa a Phiri, ndipo amene anabanda udzu m'tsinde mwa phirilo nagona pamenepo anatchedwa a Banda. Akatswiri ambiri a mbiri amaona kuti nthanoyi ikugwirizanitsa magulu amene anafika nthawi zosiyana: a Banda ndiwo anayamba kukhazikika, a Phiri nabwera pambuyo ndi ufumu.

Udindo wa mapfuko awiriwa unagawidwa bwino. Kalonga, amene likulu lake linali ku Mankhamba, anali wa kwa Phiri, monganso Undi ndi Lundu. Mayi wa ufumuwo, Nyangu, anali Mphiri, koma mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa a Banda, amenenso ankasunga kachisi wa mvula ku Msinja pansi pa Makewana. Kufala kwa maufumu amenewa ndiko kunafikitsa mfundawu kum'mawa kwa Zambia, ku Tete ndi kuchigwa cha Shire.

Kale mwana ankatenga mfunda wa amayi ake, poti Achewa amatsata kuchikazi. Angoni atafika m'zaka za m'ma 1800, ndiponso sukulu za mishoni ndi boma zitayamba kulemba anthu maina awiri, ambiri anayamba kutenga wa atate awo. Ulendo wa kumigodi unapititsa dzinali ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Woimba wotchuka wa gulu la Stimela, Ray Phiri (1947–2017), anali mwana wa bambo wochokera ku Malawi. Komabe si Phiri aliyense wa kumeneko amene ali Mmaravi, pakuti m'Chisotho ndi m'Chitswana liwu lakuti phiri limatanthauza fisi.

Motero alembi, akonzi ndi aphunzitsi ayenera kusamala zinthu zitatu. Choyamba, anthu awiri otchedwa Phiri asalembedwe ngati abale a magazi pokhapokha pali umboni. Chachiwiri, chilembo cha h chisasiyidwe, chifukwa p ndi ph ndi maliwu osiyana m'Chichewa, monga zilili m'mawu akuti pala ndi phala. Chachitatu, mayi wotchedwa Naphiri akutchulidwa ndi mfunda wa kwawo, osati wa mwamuna wake. Kumulemba kuti Mayi Phiri ndiko kumukwatitsa kwa munthu amene sanakwatiweko.